Mankhwala ofika muubongo ndi otsalira m'magazi: mafunso anu, mayankho athu

Makalata angapo amene talandira mwezi uno akukumana pamfundo imodzi ngakhale eni ake sanapangane. Wina akudandaula za tulo, wina za mayeso a kukoleji, wina za odwala ali kuchipatala. Mayankho a onsewa akudutsa pa chotchinga chimene chili pakati pa magazi ndi ubongo. Akuyankha ndi akatswiri a zamankhwala a tsamba lino.

Ndimayendetsa minibasi. Nyengo ya fumbi ikafika ndimayetsemula ndipo maso amayabwa. Ndikamwa Piriton ndimaodzera pachiwongolero, koma cetirizine sandigonetsa. Kodi ndiye kuti cetirizine ndi wofooka? Dalaivala, Kanyama

Bambo, tiyambe ndi chofunika kwambiri: tsiku loti munyamula anthu musamwe Piriton. Cetirizine si wofooka ayi. Pamphuno ndi m'maso onse awiri amagwira ntchito imodzi, yotsekereza histamine, chinthu chimene thupi limatulutsa n'kuyambitsa kuyetsemula ndi kuyabwa. Amasiyana poti wina amalowa muubongo pomwe winayo amatsalira kunja.

M'ziwalo zambiri, timitsempha ta magazi tili ndi timipata pakati pa maselo, ndipo mankhwala amatulukira momwemo. Ta muubongo n'tosiyana. Maselo ake anamatana kotheratu ndi mapuloteni monga claudin-5 ndi occludin, ndipo kunja kwake tinazingidwa ndi maselo ena otchedwa pericyte ndi astrocyte. Mankhwala sangadutse m'mbali. Ayenera kulowa m'selo lenilenilo, kuboola khungu lake la mbali ya magazi n'kutulukira pakhungu la mbali ya ubongo, ndipo khungu limenelo ndi la mafuta. Paul Ehrlich anaona chizindikiro chake mu 1885 pomwe utoto umene anabaya nyama unadetsa ziwalo zina n'kusiya ubongo uli woyera. Mu 1913 Edwin Goldmann anaika utoto m'madzi ozungulira ubongo, ubongo n'kuda, thupi n'kutsala. Malo enieni a chotchingacho anaonekera mu 1967, Reese ndi Karnovsky atauyang'ana pa maikulosikopu ya electron.

Chlorphenamine, amene ali mu Piriton, ndi wamng'ono ndipo amasungunuka bwino m'mafuta, choncho amadutsa mosavuta. Muubongo histamine ndi mmodzi mwa amene amatisunga maso, ndiye akatsekerezedwa tulo timabwera. Cetirizine anachokera kwa hydroxyzine, mankhwala ogonetsa ndithu, koma kumapeto kwa molekyulu yake kuli gulu la asidi limene m'magazi limanyamula chaji, kutanthauza kamphamvu ka magetsi. Kachidutswa kamodziko ndi kamene kamamuvutitsa kuboola mafuta. Mlingo wake kwa wamkulu ndi 10 mg kamodzi patsiku. Pali ena amene amawaodzeretsabe pang'ono, choncho muyeseni tsiku lopuma. Loratadine wa 10 mg ndi fexofenadine ndi amene amagonetsa mocheperapo. Muziwerenganso pa paketi ya mankhwala a chimfine osakaniza, chifukwa ambiri amabisa chlorphenamine kapena diphenhydramine m'kati. Mowa ukawonjezerapo, tulo take sitiletseka.

Ndikuphunzira za mankhwala ku Evelyn Hone College. Ndikapatsidwa chithunzi cha molekyulu, ndiyang'ane chiyani kuti ndidziwe ngati ingafike muubongo? Kodi lamulo la Lipinski silokwanira? Wophunzira, Kabwata

Silokwanira, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwa. Lamulo limene Christopher Lipinski ndi anzake a ku Pfizer anafalitsa mu 1997 likunena za mankhwala olowa m'magazi kuchokera m'matumbo. Ubongo ndi wokhwima kuposa matumbo. William Pardridge anawerengera kuti mankhwala a mamolekyulu ang'onoang'ono oposa 98 pa 100 alionse safikamo, ndipo a mamolekyulu akuluakulu pafupifupi onse amalephera.

Kulemera n'kosavuta kuwerenga. Lipinski amalola mpaka 500 Da (dalton, muyeso wa kulemera kwa molekyulu), koma kuubongo muzifuna zosapitirira 400 mpaka 450. Diazepam ndi 285, caffeine 194, nicotine 162, mowa 46. Trastuzumab, wa khansa ya m'mawere, ali pafupi ndi 148,000, n'chifukwa chake khansa imatha kugonja m'thupi koma n'kumakula muubongo.

Kenako logP, muyeso wosonyeza ngati mankhwala amakonda mafuta kapena madzi. Mulabotale amathira octanol, mowa wonga mafuta umene susakanikirana ndi madzi, m'botolo limodzi ndi madzi. Amaikamo mankhwala, kukhutchumula, kusiya kuti zilekane, n'kuyeza kuchuluka kwa mankhwalawo mbali iliyonse. LogP ya 2 ikutanthauza magawo 100 mu octanol pa gawo limodzi m'madzi. Akagwiritsa ntchito madzi a pH (muyeso wa asidi) 7.4, yofanana ndi ya magazi, chotulukacho chimatchedwa logD, ndipo ndi chimene chimanena zoona kwambiri pa mankhwala onyamula chaji. Poyenera ndi pafupi ndi 2, tinene kuyambira 1.5 mpaka 3. Yerekezani propranolol, wa logP pafupi ndi 3, ndi atenolol, amene ali pafupi ndi 0. Onse ndi a BP ndi mtima, koma amene amadziwika ndi maloto oopsa ndi propranolol.

Musaganize kuti kuchulukitsa mafuta n'kupambana. LogP ikapitirira 4 kapena 5 mavuto amayamba. Mankhwala amakakamira ku puloteni ya albumin m'magazi, ndipo omangika sangadutse. Amene alowa pakhungu la selo amakonda kukhala momwemo osatulukira mbali ina. Chiwindi chimawaphwanya msanga, sasungunuka bwino m'mimba, ndipo amakopa mapampu, mapuloteni a pachotchinga amene amawabwezera m'magazi.

Chaji ndi imene timafuna muimvetse ndi manambala, osati kuloweza. Imene imaboola mafuta ndi molekyulu yopanda chaji. PKa ndi pH imene theka la mamolekyulu limakhala ndi chaji. Tengani base ya pKa 8.4 m'magazi a pH 7.4: pa mamolekyulu 11 alionse, imodzi yokha ndiyo ilibe chaji. PKa ikakhala 9.4, ndi pafupifupi imodzi pa 100. Ikafika 10.4, imodzi pa 1,000. Imodzi pa 100 ingaoneke yochepa, koma imakwana, chifukwa ikadutsa ina imataya chaji n'kulowa m'malo mwake. N'chifukwa chake mankhwala ambiri a muubongo ndi ma base a pKa yapakati pa 7.5 ndi 10.5. Ma asidi a pKa pafupi ndi 4 zimawavuta kwambiri, popeza chaji yawo ndi yochuluka ndipo amamangikanso ku albumin. Mukaona naitirojeni yolumikizidwa ku makaboni anayi, chaji yake sichoka pa pH ina iliyonse, ndiye yankho ndi ayi. Neostigmine salowa pomwe physostigmine amalowa. Glycopyrrolate salowa pomwe atropine amalowa. Buscopan amatonthoza m'mimba osasokoneza mutu pa chifukwa chomwechi.

Pomaliza werengani magulu a OH ndi NH. Lililonse limagwirana ndi madzi, ndipo molekyulu iyenera kusiya madzi onsewo isanalowe m'mafuta. Akhale osapitirira awiri, atatu ndiye malire. Maatomu a naitirojeni ndi okosijeni pamodzi asapitirire asanu, ndipo TPSA, imene imayeza dera la molekyulu lokonda madzi, ikhale pansi pa 90 Å², makamaka pansi pa 70. Chitsanzo chakale koma chomveka ndi banja la morphine. Morphine ali ndi ma OH awiri. Codeine anaphimba limodzi ndi methyl. Heroin anaphimba onse awiri ndi acetyl. Oldendorf atayesa pa makoswe mu 1972, poyerekeza ndi madzi, heroin analowa 68 pa 100, codeine 24, pomwe morphine anali wochepa zedi. Onani kuti heroin ndi wolemera kuposa morphine, 369 kwa 285, komabe ndi amene amathamanga. Akafika m'kati, ma acetyl amadulidwa n'kubwereranso ku morphine. Liwiro limenelo ndi limene limamupangitsa kukola munthu msanga.

Mu 2010 gulu lina la ku Pfizer linasonkhanitsa zinthu 6 zotere, logP, logD, kulemera, TPSA, ma OH ndi NH, ndi pKa, kukhala muyeso umodzi wotchedwa CNS MPO, wochokera pa 0 mpaka 6, ndipo 4 kupita m'mwamba ndiye wabwino. Ubwino wake ndi woti kulakwa pachimodzi sikugwetsa molekyulu yonse.

Chenjezo limodzi pa malipoti a kafukufuku. Akagaya ubongo wa khoswe n'kupeza mankhwala ochuluka kuposa m'magazi, musafulumire kuwomba m'manja. Ambiri angakhale omatirira kumafuta, osagwira ntchito iliyonse. Chofunika ndi Kp,uu, kutanthauza mankhwala omasuka muubongo poyerekeza ndi omasuka m'magazi. Ikayandikira 1, akulowa momasuka. Ikatsikira cha ku 0.1, pali chimene chikuwatulutsa.

Ndamva kuti loperamide wa kutsekula m'mimba ndi wa banja limodzi ndi morphine. Nanga bwanji amagulitsidwa mwaufulu kufamase? Mayi, Chilenje

Mwamva zoona, mayi. Ndipo mukayang'ana manambala okha, loperamide amasungunuka m'mafuta kuposa morphine, moti akanayenera kulowa. Chomuletsa ndi puloteni yogwira ntchito ngati pampu, yotchedwa P-glycoprotein, imene imakhala pakhungu la maselo a timitsempha ta muubongo, mbali ya magazi. Ili ngati mlonda wa pageti amene amagwira munthu ali pakati podumpha mpanda n'kumubwezera kumsewu. Imagwiritsa ntchito mphamvu ya m'selo yotchedwa ATP, ndipo ili ndi inzake yotchedwa BCRP. Motero loperamide amagwira ntchito m'matumbo mokha.

Mphamvu ya pampu imeneyi inaonekera mu 1994, pomwe mbewa za mulabotale zimene zinachotsedwa jini yake zinafa ndi mlingo wa ivermectin, mankhwala a njoka za m'mimba, wochepa pafupifupi ka 100 poyerekeza ndi zinzake. Agalu ena a mtundu wa Collie amabadwa ndi vuto lomweli.

Wamkulu amamwa 4 mg poyamba, kenako 2 mg akatsekulanso, osapitirira zimene zalembedwa pa paketi, ndipo ngakhale dokotala sapitirira 16 mg patsiku. Kupyola apo kwambiri mtima ungayambe kugunda mosokonekera mpaka kuima. Ngati mukumwa verapamil, quinidine kapena ritonavir, uzani wa kufamase, chifukwa amenewa amafooketsa pampuyo. Ana aang'ono sapatsidwa, ngakhalenso wotsekula magazi kapena wotentha thupi. Ndipo popeza tonse tikukumbukira kolera wa mu Januwale 2024, pomwe Heroes Stadium inasanduka malo othandizirako odwala: munthu akamatsekula madzi onga otsukira mpunga, chofunika ndi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo, ali panjira yopita kuchipatala. Loperamide alibe malo pamenepo.

Amuna anga agonekedwa ndi matenda oumitsa khosi a cryptococcus. Akulandira mankhwala atatu nthawi imodzi ndipo akutengedwa madzi pamsana kangapo. Achibale akuti mankhwala achuluka. Tiwauze chiyani? Mayi, Mtendere

Pepani ndi matenda, mayi. Cryptococcus ndi mtundu wa bowa wosaoneka ndi maso. Mankhwala atatuwo, flucytosine, fluconazole ndi amphotericin B, sanachuluke, ndipo aliyense ali ndi chifukwa chake.

Flucytosine ndi wamng'ono, 129 Da, ndipo samangika kwenikweni ku mapuloteni a m'magazi. Fluconazole ndi 306 Da, nayenso ndi womasuka. Onse awiri amafika m'madzi ozungulira ubongo pamlingo woposa theka la umene uli m'magazi. Amphotericin B ndi wamkulu, 924 Da, wodzaza ndi ma OH, ndipo m'madzimo amapezeka pang'ono zedi. Komabe ndi iye amene amapha bowa mofulumira kuposa onse, zimene zikusonyeza kuti muyeso wa m'madzi a pamsana sunena zonse za zimene zikuchitika m'timinofu tokuta ubongo. Fluconazole payekha amalowa bwino koma amachedwa, ndipo odwala ambiri amamwalira asanamalize ntchito.

Lusaka ili ndi gawo pa chidziwitso chimenechi. Chipatala cha UTH chinali m'gulu la zipatala za m'Zambia, Malawi, Tanzania ndi Cameroon zimene zinachita kafukufuku wa ACTA, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Amene analandira amphotericin B kwa sabata imodzi pamodzi ndi flucytosine ndi amene anamwalira ochepa kuposa magulu ena, pafupifupi 24 pa 100 pakutha kwa masabata 10. Kuyambira 2022 bungwe la WHO limalimbikitsa liposomal amphotericin B kamodzi kokha, 10 mg pa kilogalamu, pamodzi ndi flucytosine 100 mg pa kilogalamu patsiku ndi fluconazole 1,200 mg patsiku kwa masiku 14. Pambuyo pake fluconazole amatsika kufika 800 mg kwa masabata 8, kenako 200 mg. Dilipi ya madzi amchere imene mukuona ndi yoteteza impso ku amphotericin, ndipo potaziyamu ndi wobwezera amene mankhwalawo amatayitsa mumkodzo. Ngati sanayambe ma ARV, amadikira masabata 4 mpaka 6.

Za madzi a pamsana: anthu ambiri amaopa, n'kumati jakisoni ameneyo ndi amene amapha. Bowa ameneyu amatseka njira yotulukira madziwo, ndiye amadzadza n'kupanikiza ubongo, mutu n'kumawawa koopsa, maso n'kuyamba kuchita mdima. Palibe piritsi limene limatsitsa kupanikizako bwino ngati kutulutsa madziwo. Kukana n'kumene kumaika moyo pachiswe.

Mfundo yomweyi ikufotokoza milingo yachilendo pa mitundu ina ya matendawa. Ceftriaxone amene pa chibayo amaperekedwa 1 g kapena 2 g kamodzi patsiku, pa matenda oumitsa khosi a mabakiteriya amaperekedwa 2 g maola 12 alionse. Kutupa kumatsegula pang'ono chotchinga, mankhwala n'kupeza mpata. Wodwala akayamba kupeza bwino chimatsekekanso, n'chifukwa chake mlingo sutsitsidwa mpaka masiku atakwana. Pa TB ya muubongo, isoniazid wa 137 Da ndi pyrazinamide wa 123 Da amalowa pafupifupi ngati m'magazi. Rifampicin wa 823 Da, amene gawo lalikulu limamangika ku mapuloteni ndipo pampu ija ya P-glycoprotein imamutulutsa, amafika pang'ono, ethambutol chimodzimodzi. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene wamkulu amamwera mankhwala pafupifupi miyezi 12 m'malo mwa 6.

Bambo anga ali ndi Parkinson. M'mawa mankhwala amagwira, koma akadya nsima ya nyama masana amauma thupi ngati sanamwe. Chimachitika n'chiyani? Mwana wawo, Matero

Mwaona bwino. Chosowa muubongo mwawo ndi dopamine, koma dopamine sangaperekedwe ngati piritsi. Ngakhale ndi wamng'ono, 153 Da, ali ndi ma OH awiri ndi chaji, ndiye sadutsa. M'malo mwake amapatsidwa levodopa, amene amasanduka dopamine akafika muubongo. Levodopa amakonda madzi kuposa dopamine, ndipo malinga ndi malamulo tafotokoza pamwambapa sakanayenera kulowa. Amalowa chifukwa amafanana ndi ma amino acid a m'chakudya, ndipo puloteni yonyamula yotchedwa LAT1 imamutenga ngati chakudya cha ubongo. Shuga nayenso amalowa mwanjira yotere, kudzera pa GLUT1.

Vuto ndi loti LAT1 imanyamulanso leucine, phenylalanine ndi anzawo ochokera mu nyama, kapenta, mazira, nyemba ndi soya. Akachuluka m'magazi amapikisana ndi levodopa, m'matumbo ndi pachotchinga pomwe. Azimwa piritsi mphindi 30 asanadye kapena ola limodzi atadya, ndi madzi okwana kapu. Akamachita nseru, kabisiketi kapena kagawo ka buledi n'kokwanira. Ndiwo za puloteni musawamane, achikulire amawonda msanga. Kambiranani ndi dokotala zosunthira gawo lalikulu kumadzulo. Mapiritsi owonjezera magazi a ayironi atalikirane ndi levodopa maola awiri, chifukwa amagwirana m'matumbo.

Pa paketi muona manambala awiri, monga 25 ndi 100. Wa 25 mg ndi carbidopa, amene dala salowa muubongo. Ntchito yake ndi kuletsa levodopa kusanduka dopamine akadali m'thupi, popeza popanda iye ndi pafupifupi gawo limodzi pa 100 limene limafika. Metoclopramide wa kusanza asamwe, amalowa muubongo n'kutsekereza dopamine yemweyo. Domperidone salowa kwenikweni, ndipo ndi amene madokotala amasankha. Levodopa sasiyidwa mwadzidzidzi.

Ngati chotchingacho n'cholimba chonchi, artesunate amachiza bwanji malungo a muubongo? Namwino wophunzira, Chawama

Safunika kudutsa. Tizilombo ta malungo ta mtundu wa falciparum tili m'maselo ofiira amene amamatirira m'kati mwa timitsempha ta muubongo, mbali ya magazi. Artesunate amatipeza komweko: 2.4 mg pa kilogalamu mumtsempha pa ola 0, 12 ndi 24, kenako kamodzi patsiku, ndipo mwana wosakwana 20 kg amalandira 3 mg pa kilogalamu. Amene ayenera kudutsa ndi diazepam wothetsa kukomoka. Amalowa m'mphindi zochepa, koma amatulukanso msanga kupita kumafuta a m'thupi, choncho musachoke pabedi poganiza kuti zatha. Yezaninso shuga.

Ndimagwira ntchito zoyenda cha ku Rufunsa ndi kuchigwa cha Luangwa, kumene kuli akashembe. Akuti mankhwala a kaodzera ndi poizoni. Kodi ndi zoona? Bambo, Chelstone

Zinali ndi choonadi chake, bambo. Kaodzera wa kuno, wa mtundu wa rhodesiense, amayambira m'magazi ndipo amalowa muubongo m'masabata ochepa. Suramin amapha tizilombo ta m'magazi, koma ali pafupi ndi 1,300 Da ndipo amanyamula machaji 6, ndiye chotchinga sachidutsa. Matenda akalowa m'kati, kwa zaka zambiri kuyambira 1949 panali melarsoprol yekha, mankhwala a arsenic osungunuka m'mafuta. Amalowa, koma odwala 5 mpaka 10 pa 100 alionse amatupa ubongo chifukwa cha mankhwalawo, ndipo pafupifupi theka la amenewo amamwalira. N'chifukwa chake aliyense ankayenera kutengedwa madzi pamsana kaye, kuti asapatsidwe melarsoprol ngati suramin akanakwanira.

Tsopano kuli fexinidazole, piritsi la 279 Da limene limodzi ndi zotuluka zake m'chiwindi limafika mbali zonse ziwiri. Anayesedwa ku Rumphi m'Malawi ndi ku Uganda, ndipo mu 2024 WHO inamuika patsogolo pa rhodesiense kwa a zaka 6 kupita m'mwamba olemera 20 kg kapena kuposa. Wolemera 35 kg kupita m'mwamba amamwa 1,800 mg patsiku kwa masiku 4, kenako 1,200 mg kwa masiku 6, moyang'aniridwa ndi achipatala. Ayenera kumwedwa ndi chakudya chenicheni, osati tiyi chabe, apo ayi olowa m'magazi amachepa ndipo ofika muubongo sakwana kupha tizilombo.

Mukabwerako n'kutentha thupi, kaya muli ndi chilonda chotupa pamene munalumidwa kaya mulibe, ndipo malungo sakupezeka kapena Coartem sakuthandiza, auzeni achipatala malo amene munali ndi tsiku limene munalumidwa, kuti ayang'ane magazi anu pa maikulosikopu. Kachipangizo koyezera malungo pachala sikaona kaodzera.